Mafunso a Owerenga: Kodi London Monarchs Inathera Kuti?

Mafunso a ulendo uno akukhudza timu imodzi, London Monarchs, yomwe inayamba kusewera mu 1991 n'kutha mu 1998. Akuyankha ndi alembi athu a zamasewera.

Funso: Akuluakulu, ndimagwira ntchito ku London, ndipo bambo wina wachikulire kuntchito kwathu amavala chipewa cholembedwa kuti London Monarchs. Akuti timu imeneyi inkadzaza Wembley. Mpira wa ku England ndautsatira kuyambira ndili kumudzi, koma dzinali sindinalimvepo. Inali mu ligi iti? (Wowerenga wa ku London, kwawo ku Dedza)

Yankho: Dzinali simungalipeze mu mpira wa miyendo, achimwene. Monarchs inkasewera mpira wa ku America, uja osewera amavala zipewa zolimba ndi zotchinga mapewa n'kumathamanga atakumbatira mpira wosongoka uku ndi uku. Bambowo sakunama: mu 1991 masewero a timuyi pa Wembley ankaonera anthu oposa 40,000 pa avereji.

Ligi yake inkatchedwa World League of American Football. Anaiyambitsa ndi eni matimu a NFL, ligi yaikulu ya ku United States, ndipo mwa matimu 28 amene analipo nthawiyo, 26 ndi amene anasonkha ndalama. Inali ligi yaing'ono, ya pansi pa NFL, koma musaiyerekeze ndi ligi za m'zigawo za mpira wa miyendo. Mu mpira wa miyendo timu ikachita bwino imakwera, ikalephera imatsika. Ku America kulibe zimenezo. Timu ya mu ligi yaing'ono ngakhale ipambane masewero onse imakhalabe pomwepo. Amene amakwera ndi wosewera payekha, akagwira maso a timu ina ya NFL. Mfundo imeneyi muisunge, chifukwa mavuto ambiri a Monarchs anachokera pamenepa.

Matimu analipo 10. Ku Ulaya kunali London Monarchs, Barcelona Dragons ndi Frankfurt Galaxy. Ku Canada kunali Montreal Machine, ndipo asanu ndi imodzi otsalawo anali a ku United States: New York/New Jersey Knights, Orlando Thunder, Raleigh-Durham Skyhawks, Birmingham Fire, San Antonio Riders ndi Sacramento Surge. Ankasewera kuyambira Malichi mpaka Juni, nthawi imene NFL imakhala ikupuma.

London sanaisankhe mwangozi. Wailesi yakanema ya Channel 4 inayamba kuonetsa masewero a NFL mu 1982, ndipo achinyamata ambiri anakopeka mpaka kuyambitsa matimu awo osalipidwa. Mu 1986 Chicago Bears ndi Dallas Cowboys anasewera pa Wembley masewero ongokonzekera sizoni, koma kunafika anthu oposa 80,000. Zaka zomwezo mpira wa miyendo wa ku England unali utaipa mbiri chifukwa cha ziwawa m'mabwalo, moti matimu a dzikolo analetsedwa kupikisana ku Ulaya kuyambira 1985 mpaka 1990. Kholo lofuna kupita ndi ana kubwalo mopanda mantha linaona kuti mpira wachilendowu ndi pothawira.

Funso: Ndinamva kuti anatenga chikho atapambana 21 kwa 0. Zigoli 21 pa masewero amodzi zimatheka bwanji? (Mayi wa ku Zomba)

Yankho: Si zigoli, mayi, ndi mapointi, ndipo amawerengedwa mosiyanasiyana.

Bwalo limatalika mayadi 100 kuchoka pa mzere wa chigoli kufika pa mzere winawo. Kuseri kwa mzere uliwonse kuli malo ena a mayadi 10 ogoletserako. Zonse pamodzi ndi mayadi 120, omwe ndi pafupifupi mamita 110, ndipo m'lifupi ndi pafupifupi mamita 49. Mbali iliyonse imalowetsa osewera 11, koma timu imakhala ndi magulu atatu osiyana: loukira, lotchinga, ndi la nthawi yomenya mpira ndi phazi. Mpira ukasintha manja, gulu lonse limatuluka n'kulowa lina. N'chifukwa chake timu ngati Monarchs inkayenda ndi osewera pafupifupi 40.

Timu imene ili ndi mpira imapatsidwa mipata 4 kuti isunthe mayadi 10. Ikakwanitsa, imapatsidwanso mipata ina 4. Ikalephera, mpira umapita kwa adani pamalo pomwepo, choncho kawirikawiri mpata wachinayi amaugwiritsa ntchito pomenya mpira kutali kuti adaniwo akayambire kumbuyo. Kusuntha kumachitika m'njira ziwiri: wosewera kuthamanga ndi mpira, kapena kuuponya kutsogolo. Kuponya kutsogolo kumaloledwa kamodzi kokha pa mpata uliwonse, ndipo amaponya ndi mtsogoleri wa gulu loukira, quarterback.

Kulowa ndi mpira m'malo ogoletsera aja, kapena kuuwakha uli momwemo, ndi touchdown, mapointi 6. Kenako timu imasankha: kumenya mpira pakati pa mizati kuti iwonjezere pointi 1, kapena kuyesanso kulowa ndi mpira kuti iwonjezere 2. Kumenya pakati pa mizati masewero ali m'kati ndi mapointi 3. Gulu lotchinga likagwetsa mdani ali ndi mpira m'malo ake omwe ogoletsera, limapeza mapointi 2, ndipo mapointi oyamba enieni m'mbiri ya World League anabwera motero: Frankfurt ndi imene inawapeza, Monarchs ndi imene inagwetsedwa. Tsono 21 ija ndi ma touchdown atatu, iliyonse ndi pointi yake yowonjezera.

NFL inkagwiritsanso ntchito ligiyi poyesera malamulo. Mapointi 2 owonjezera aja World League inali nawo kuyambira 1991, pamene NFL inadzawalola mu 1994. Kuyambira 1995 womenya mpira kuchokera pa mayadi 50 kapena kuposa ankapatsidwa mapointi 4, lamulo limene NFL sinalitenge.

Funso: Tifotokozereni za chaka chimene anatenga chikhocho. Mphamvu zawo zinali pati? (Mphunzitsi wa zamasewera, Mzuzu)

Yankho: Mwa masewero 10 a mu ligi anapambana 9. Mphunzitsi wamkulu anali Larry Kennan, ndipo quarterback anali Stan Gelbaugh, munthu amene anali atasiya mpira n'kuyamba kugulitsa makina a m'maofesi. Anamutenga mochedwa, koma pakutha pa sizoni anasankhidwa kukhala woukira wopambana onse mu ligi.

Anayamba pa 23 Malichi 1991 ku Frankfurt, n'kupambana 24 kwa 11. Sabata yotsatira, pa masewero oyamba a pa Wembley, anagonjetsa New York/New Jersey Knights 22 kwa 18 pamaso pa anthu oposa 46,000. Kuchokera apo anangoti ali yense wobwera, chikwapu: Birmingham Fire inagwa 27 kwa 0 pakwawo pomwe, Montreal Machine 45 kwa 7.

Aphunzitsi, inu mudziwa kuti maso a oonera amatsata mpira, koma masewerowa amapambanidwa ndi anthu asanu amene mpira saugwira n'komwe, kupatula wapakati amene amaupereka poyambira. Ndi zimphona zimene zimagwada kutsogolo kwa quarterback. Mpira ukangochoka pansi, quarterback amabwerera mapazi angapo, maso ali kutsogolo kufunafuna mnzake amene wamasuka, ndipo amafunika masekondi pafupifupi atatu. Asanuwo akagwira adani kwa masekondi atatu amenewo, mpira umafika. Mmodzi akangophonya munthu wake, quarterback amapezeka ali chagada. Ntchito yawo imafuna kumvana kwambiri, chifukwa otchinga amasinthana malo mwadala kuti awasokoneze, ndipo aliyense ayenera kudziwa, popanda kuyankhula, kuti amene wadutsa uyu ndi wanga kapena wa mnzanga. Asanu a Monarchs ankadzitcha Nasty Boyz, ndipo anamvana msanga kuposa a matimu ena onse. Mu ligi imene timu iliyonse inali yatsopano, kumvana kumeneko kunali chuma.

Anagonja kamodzi kokha, pa masewero otsiriza a mu ligi, pamene Barcelona inawapambana 20 kwa 17 pa Wembley. Kenako panachitika chinthu chimene panthawiyo chinaoneka chaching'ono. Monga timu yotsogola, Monarchs inayenera kusewera semifainolo pakwawo, koma Wembley inali itatengedwa kale ndi mpira wa miyendo. Anakwera ndege kupita ku Giants Stadium ku New Jersey, anayamba n'kutsalira, kenako n'kupambana 42 kwa 26. Timu yopambana zonse inali mlendo pabwalo lake lomwe.

Fainolo, yotchedwa World Bowl, inachitika pa Wembley pa 9 Juni 1991, anthu 61,108 akuonera. Adani anali Barcelona yomweyo, ya mphunzitsi Jack Bicknell. Mapointi onse 21 anabwera m'chigawo choyamba. Jon Horton anawakha mpira wa Gelbaugh n'kugoletsa touchdown ya mayadi 59. Dan Crossman, wotchinga kumbuyo, analanda m'malere mipira itatu ya adani, umodzi n'kuthamanga nawo mpaka kukagoletsa. Judd Garrett anawonjezera yachitatu. Crossman ndi amene anasankhidwa kukhala katswiri wa tsikulo.

Funso: Osewerawo anali a ku England? Nanga ankalandira zingati? (Wophunzira wa ku koleji, Lilongwe)

Yankho: Pafupifupi onse anali a ku America: anyamata amene anasewera bwino ku koleji koma matimu a NFL anawasiya, kapena anawatenga n'kuwachotsa. Wosewera ankasaina kontirakiti ndi ligi, osati ndi timu. Mu Febuluwale 1991 onse anasonkhanitsidwa ku Orlando, ku Florida, ndipo matimu anawasankha mosinthana, malo ndi malo. Malipiro oyambira anali ofanana mu ligi yonse, pafupifupi madola 20,000 pa sizoni. A quarterback ankaposako pang'ono, omenya ndi phazi ankachepera. Panali ndalama zina zowonjezera kwa amene achita bwino. Cholinga cha dongosololi chinali chakuti matimu asapikisane pogula osewera, chifukwa mpikisano wotere ndi umene unamiza ligi zina zimene zinayesa kulimbana ndi NFL.

Eni nthaka analipo ochepa. Pansi pa ndondomeko yotchedwa Operation Discovery, timu iliyonse inapatsidwa osewera angapo ochokera kunja kwa America. Odziwika ku London anali awiri. Victor Ebubedike anakulira m'matimu osalipidwa a mumzindawo, ndipo anakhala ndi Monarchs kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto. Phil Alexander, amene kale anali wosewera mpira wa miyendo ku Norwich City, ndiye ankamenya mpira pakati pa mizati mu 1991. Pambuyo pake anakhala mkulu woyendetsa Crystal Palace kwa zaka zoposa 20.

Vuto la dongosolo lotere nali. Wosewera akachita bwino, NFL imamutenga. Akachita zoipa, amachotsedwa. Amene amatsala ndi apakatikati, ndipo ngakhale iwo ambiri sabwerera chaka chinacho. Choncho chaka chilichonse mphunzitsi amayambira pansi, ndi masabata ochepa okonzekera, kuphunzitsa anthu osadziwana buku lonse la njira zosewerera. Wochemerera amene wagula jezi ya nambala ya wosewera amene amamukonda amapeza kuti chaka chinacho nambalayo yavalidwa ndi mlendo. Ife timaona kuti apa ndi pamene panali bala lenileni. Anthu a ku London ankaiona Monarchs ngati timu yawo, pamene eni ake ankaiona ngati malo oyeserako osewera ndi msika.

Funso: Ngati anthu ankadzaza bwalo chonchi, chinalakwika n'chiyani? (Bambo wa ku Chipata)

Yankho: Zinthu zitatu zinagwa motsatizana, bambo, ndipo chachikulu sichinachitikire ku London.

Choyamba, timu yopambana ija inabalalika. Kennan anapita ku Seattle Seahawks kukatsogolera gulu loukira, ndipo Ray Willsey analowa m'malo mwake. Gelbaugh anabwerera, koma anzake ambiri sanabwerere. Mu 1992 Monarchs inapambana masewero 2, kugonja 7, n'kufanana mphamvu kamodzi ndi Birmingham Fire. Oonera anatsika kufika pafupifupi theka la chaka chapitacho. Komabe anthu oposa 20,000 kudzaonera timu yogonja si ochepa, ndipo timu yokhala ndi mwini wake wa komweko ikanatha kupirira n'kumanganso.

Chachiwiri, ligi inkadalira ndalama za kanema wa ku America, wa ABC ndi USA Network, ndipo kumeneko anthu sankaonera. Munthu amene ali ndi NFL ndi mpira wa m'makoleji sankaona chifukwa chotayira nthawi pa osewera otsalira, makamaka miyezi imene baseball ndi basketball zili m'chimake. Raleigh-Durham inagonja masewero onse 10 mu 1991 n'kutsekedwa. Ohio Glory imene inalowa m'malo mwake inapambana amodzi okha. Onjezerani mtengo wa maulendo. Kuchoka ku London kupita ku Sacramento ndi makilomita oposa 8,000, ndipo pa ulendo uliwonse pamafunika matikiti, hotela ndi chakudya cha osewera 40, aphunzitsi, madokotala, komanso katundu wolemera wa zipewa ndi zotchinga. Mu Seputembala 1992 eni matimu a NFL, amene mwezi womwewo anali atangogonja kukhoti pa mlandu wa ufulu wa osewera awo wosintha matimu, anaimitsa ligi yonse.

Chachitatu ndicho chinapweteka koposa. Mu 1993 ndi 1994 kunalibe Monarchs, kunalibe masewero, kunali zii. Ndipo mu Ogasiti 1992 Premier League inali itayamba, ndi ndalama za Sky, mabwalo akukonzedwa kuti aliyense azikhala pampando. Mabanja aja amene anathawa ziwawa anayamba kubwerera ku mpira wa makolo awo. Pamene ligi inkabwerera mu 1995, NFL itagwirizana ndi kampani ya kanema ya Fox, inali ndi matimu 6 a ku Ulaya okhaokha: London, Barcelona, Frankfurt, Amsterdam Admirals, Rhein Fire ya ku Düsseldorf ndi Scottish Claymores. Maulendo anatsika mtengo, koma mwana amene anali ndi zaka 12 tsiku la World Bowl anali tsopano ndi zaka 16, mtima uli kwina.

Funso: Ndinawerenga kuti nthawi ina ankasewera pa bwalo lalifupi kuposa lamulo. Zoona? (Woyimbira mpira, Mangochi)

Yankho: Zoona. Atabwerera mu 1995, Wembley inali yodula komanso yaikulu mopitirira kwa anthu amene ankayembekezeka, choncho anasamukira ku White Hart Lane, kwawo kwa Tottenham Hotspur. Wembley yakale inali ndi malo ambiri chifukwa cha njira ya mpikisano wa agalu imene inazungulira kapinga. White Hart Lane inalibe malo otere: kapinga wake anali wa mamita pafupifupi 100, ndipo mipando inayambira pafupi ndi mzere. Mpira wa ku America umafuna mamita 110, osawerengera malo oti wosewera amene akuthamanga ndi liwiro lonse aimirepo asanagunde khoma. Ligi inapereka chilolezo chapadera, ndipo bwalo linakhala la mayadi 93 m'malo mwa 100.

Inu oyimbira mudziwa kuti mizere ikasintha, masewero amasintha. Mayadi 7 akachoka, timu imafika msanga pamalo omenyera mapointi 3, ndipo kumenya mpira kutali pa mpata wachinayi sikukankhira adani kumbuyo monga kuyenera. Ziwerengero za osewera, zimene matimu a NFL ankaziyang'ana posankha anthu, zimakhalanso zovuta kuziyerekeza ndi za mabwalo ena. Koma choipa kwambiri chinali uthenga umene oonera analandira: kuti timu imene inatenga chikho pamaso pa anthu 61,000 tsopano ikupanikizana m'nyumba ya eni.

Kubwereka bwalo la mpira wa miyendo kuli ndi mavuto enanso. Epulo ndi Meyi ndi miyezi imene ligi ya ku England imafika pachimake, choncho mwini bwalo ndiye amasankha masiku poyamba. Mizere iyenera kujambulidwa pa mayadi 5 aliwonse, ndi manambala, kenako n'kufufutidwa. Mizati iyenera kuzikidwa n'kuzulidwa. Ndipo zimphona zija zimakumba pakati pa bwalo ndi nsapato zawo, malo omwewo mobwerezabwereza, moti wosamalira kapinga sakondwa nawo alendo otere. Monarchs inakhala ku White Hart Lane mu 1995 ndi 1996, kenako inapita ku Stamford Bridge, kwawo kwa Chelsea, mu 1997. Kumpoto kwa mzinda, kenako kumadzulo. Zaka zitatu zonsezi zotsatira zinali zofanana: kupambana 4, kugonja 6.

Funso: Akuti Clive Allen wa Tottenham anasewerako. Munthu wa mpira wa miyendo angathe bwanji masewera amenewa? (Wochemerera Tottenham, Blantyre)

Yankho: Anasewera mu 1997, ngati womenya mpira pakati pa mizati. Allen, amene anamwetsa zigoli 49 mu sizoni ya 1986 mpaka 1987, sankafunika kugunda munthu kapena kuwakha mpira. Ntchito yake inali imodzi. Wapakati amaponya mpira chakumbuyo kudutsa pakati pa miyendo yake, mtunda wa mayadi 7 kapena 8. Wina wogwada amauwakha, kuuimika pansi ndi chala, n'kuutembenuza kuti zingwe zake ziyang'ane kutsogolo. Womenya amakhala atayamba kale kuyenda, ndipo zonsezi zimatha pasanakwane sekondi imodzi ndi theka. Mtanda uli mamita 3 kuchoka pansi, mizati yatalikirana mamita 5.6. Chimene chimavuta anthu a mpira wa miyendo n'chakuti anazolowera kuthira mpira pansi pa mtanda, pamene kuno uyenera kukwera msanga kuti udutse manja a adani amene akudumpha patsogolo pake. Ukachoka motsika, amautchinga.

Allen sanali dzina lalikulu loyamba. Mu 1996 anabweretsa William Perry, wotchedwa Refrigerator, chimphona cha makilogalamu oposa 150 chimene anthu a ku Britain ankachikumbukira kuchokera ku Chicago Bears ya m'ma 1980. Anafika ali ndi zaka 33, atasiya kale NFL. Manyuzipepala analemba, makamera anabwera, koma timu inayamba moipa ndipo mphunzitsi Bobby Hammond anachotsedwa patangotha masewero awiri, n'kulowa Lionel Taylor. Dzina lotchuka limabweretsa munthu kubwalo kamodzi. Kuti abwerenso pamafunika timu yopambana, ndipo imeneyo panalibe. Chaka chomwecho Scottish Claymores inatenga World Bowl pa Murrayfield ku Edinburgh, itagonjetsa Frankfurt 32 kwa 27.

Funso: Kuno Bullets yasintha maina kangapo koma ilipobe. Bwanji Monarchs inatha itangosintha dzina kamodzi? (Wochemerera wa ku Ndirande)

Yankho: Funso lanu lafika pamtima pa nkhani. Bata Bullets, Total Big Bullets, Bakili Bullets, Nyasa Big Bullets: othandiza ndi ndalama ankasintha, koma timu inakhalabe ya ku Blantyre, ndipo ochemerera ake ndi amene ankaigwira pa nthawi ya njala. Monarchs inalibe aliyense woigwira chotero. Mwini wake anali ligi, ligiyo inali ya anthu a ku America, ndipo wochemerera wa ku London analibe mawu pa chilichonse.

Mu 1998 ligi inasintha dzina kukhala NFL Europe, ndipo timu inatchedwa England Monarchs. Maganizo anali akuti ngati London yatopa, timu iyende m'dziko lonse kukasaka anthu atsopano. Masewero 5 a pakhomo anawagawa m'mizinda itatu: atatu pa Crystal Palace National Sports Centre, limene ndi bwalo la mipikisano yothamanga osati la timu ya Crystal Palace, amodzi pa Ashton Gate ku Bristol, ndi amodzi pa Alexander Stadium ku Birmingham. Bristol ndi Birmingham uliwonse uli pa mtunda wa makilomita pafupifupi 190 kuchokera ku London.

Ganizo limeneli linali lolakwika kuyambira pa pepala. Wochemerera wokhulupirika wa ku London, amene anapirira zaka zonse zija, anamulanda masewero awiri mwa asanu ndi dzina la mzinda wake. Wa ku Bristol anapatsidwa masewero amodzi pa chaka, amene sangapangitse munthu kukonda timu. Tikiti ya sizoni yonse inataya tanthauzo. Timu inapambana 3, kugonja 7, ndipo oonera anatsika kufika pansi pa 6,000 pa avereji. Sizoni itatha ligi inaitseka, ndipo malo ake anapatsidwa kwa Berlin Thunder, imene inayamba mu 1999. Mu masizoni 6 Monarchs inasewera masewero 60 a mu ligi: inapambana 26, inagonja 33, inafanana mphamvu kamodzi. Mwa 26 amenewo, 9 anali a chaka choyamba.

Ku Germany zinthu zinayenda mosiyana. Frankfurt Galaxy inakhala pa bwalo limodzi zaka zonse, inasandutsa tsiku la masewero kukhala chikondwerero choyamba maola angapo mpira usanayambe, ndipo inatenga World Bowl kanayi, mu 1995, 1999, 2003 ndi 2006. Barcelona itatsekedwa mu 2003 ndi Claymores mu 2004, matimu 5 mwa 6 anali a ku Germany.

Funso: Ndiye NFL inaluza basi? Ndipo kodi timuyi ingadzabwerenso? (Wowerenga wa ku Johannesburg)

Yankho: Pa ndalama inaluza, ndipo mu Juni 2007 inatseka ligi yonse. Koma pa zimene eni ake ankafuna kwenikweni, anapeza zambiri. Brad Johnson, quarterback wa Monarchs mu 1995, anadzatsogolera Tampa Bay Buccaneers kutenga Super Bowl, fainolo ya NFL, mu Januwale 2003. Doug Marrone, mmodzi wa zimphona za 1991, anadzakhala mphunzitsi wamkulu wa Buffalo Bills ndi Jacksonville Jaguars. Hue Jackson, wothandizira Kennan chaka chomwecho, anadzatsogolera Oakland Raiders ndi Cleveland Browns. Kurt Warner anadutsira ku Amsterdam mu 1998 asanatchuke ndi St. Louis Rams.

NFL inaphunziranso kuti anthu a ku London amalipira mokondwa kuti aone matimu enieni a NFL, osati otsalira ake. Pa 28 Okutobala 2007, patangopita miyezi inayi ligi yaing'ono itatsekedwa, New York Giants inagonjetsa Miami Dolphins 13 kwa 10 pa Wembley yatsopano, m'masewero a mu ligi oyamba kuchitikira kunja kwa North America. Vuto la kapinga ndi kutalika kwa bwalo analithetsa ndi ndalama: bwalo latsopano la Tottenham, limene linatsegulidwa mu 2019 pamalo a White Hart Lane, lili ndi kapinga wa mpira wa miyendo amene amakankhidwa m'zigawo zitatu kulowa pansi pa mipando, n'kusiya poyera bwalo lina la kapinga wopanga la muyezo wa NFL.

Za kubwerera, maina a matimu akale aja ali m'manja mwa NFL. Pamene European League of Football inkayamba mu 2021, inagwirizana ndi NFL kuti igwiritse ntchito ena mwa mainawo, ndipo Frankfurt Galaxy, Hamburg Sea Devils, Berlin Thunder, Cologne Centurions ndi Barcelona Dragons zinaonekanso, Rhein Fire n'kutsatira mu 2022. Mwa matimu 8 oyambitsa ligiyo munalibe ya ku Britain. Amene angafune kudzutsa Monarchs ayenera kupeza chilolezo cha dzinalo, bwalo la mamita oposa 110 limene angalidalire kwa zaka zingapo pa masiku odziwika, ndi osewera a komweko okwanira kuti nkhope zisamasinthe chaka chilichonse. Osewerawo alipo ndithu: matimu osalipidwa monga London Warriors ndi London Blitz akhala akupikisana pansi pa British American Football Association, ndipo fainolo yawo ya chaka ndi chaka imatchedwa Britbowl.